Kuphunzitsa za Boma la Kasungu: Dziko Lake ndi Anthu Ake

Mawu Oyamba

Ena mwa inu mudzatumizidwa kukayesera ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za kumpoto kwa Kasungu, monga za ku Nkhamenya, ku Chatoloma ndi m'midzi ina ya Mfumu Kaluluma. Pakati pa mitu imene mudzayenera kuphunzitsa pali mutu wonena za boma limene ana akukhalamo. Mutuwu umaoneka wapafupi, ndipo chifukwa cha kuoneka kwake kotero ambiri amauphunzitsa mothamanga. Amalemba pa bolodi mayina a mitsinje itatu, mapiri aŵiri ndi mafumu asanu, ana nakopera m'makope, phunziro n'kuthera pomwepo. Mwana wophunzitsidwa motere angathe kukhoza mayeso, koma sangathe kufotokoza chifukwa chake munda wa atate ake uli wochepa poyerekeza ndi umene agogo ake ankalima, kapena chifukwa chake amayi ake amayenda mtunda wautali pofuna nkhuni.

M'nkhani ino tiyamba taona zimene mphunzitsi ayenera kuzidziŵa yekha asanaime pamaso pa ana. Pambuyo pake tiona njira yophunzitsira zimenezi m'maphunziro atatu.

Mawu Akuti "Boma"

Choyamba tisamale mawu amene tikugwiritsa ntchito. M'Chicheŵa mawu akuti "boma" ali ndi matanthauzo atatu. Tikati "boma lakweza msonkho" tikunena olamula dziko. Tikati "amalume apita ku boma" tikunena tauni imene kuli maofesi a Bwanamkubwa. Tikati "boma la Kasungu lachita malire ndi Zambia" tikunena dera lonse limene Bwanamkubwayo ndi khonsolo amayang'anira. Mwana wa ku Nkhamenya amadziŵa bwino tanthauzo lachiŵirilo, chifukwa amaona anthu akukwera galimoto kunka ku boma. Mukamuuza kuti iyenso ali m'boma la Kasungu pamene wakhala pa benchi m'kalasi mwake, adzadabwa. Motero musapitirire musanatsimikize kuti ana asiyanitsa matanthauzo atatuŵa.

Dziko la Malaŵi lili ndi maboma 28, ndipo 9 mwa iwo ali m'Chigawo cha Pakati. Kasungu ndi limodzi mwa maboma a m'chigawochi. Pansi pa boma pali madera a mafumu akuluakulu monga Mwase, Kaomba, Lukwa, Chulu, Kaluluma, Simlemba, Wimbe, Kapelula, Chilowamatambe ndi Santhe. Pansi pa iwo pali magulupu, ndipo pansi pa magulupu pali mafumu a m'midzi.

Malire ndi Kukula Kwake

Boma la Kasungu ndi lalikulu masikweya kilomita 7,878. Kumpoto lachita malire ndi Mzimba, kum'maŵa ndi Nkhotakota ndi Ntchisi, kumwera ndi Dowa, Lilongwe ndi Mchinji, ndipo kumadzulo ndi dziko la Zambia. Msewu waukulu wa M1 umalidula pakati. Umachokera ku Lilongwe, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kukafika pa tauni ya Kasungu, ndipo umapitirira kudzera pa Chatoloma ndi pa Nkhamenya mpaka kukaloŵa m'boma la Mzimba cha ku Jenda. Msewu wina umachoka pa tauni ya Kasungu kutsikira ku nyanja, ku Nkhotakota.

Chimene mphunzitsi asaiŵale n'chakuti gawo lalikulu la kumadzulo kwa bomali ndi Nkhalango ya Kasungu yosungirako nyama. Nkhalangoyi ndi yaikulu masikweya kilomita 2,316, ndipo mwa nkhalango za mtundu wake m'Malaŵi imangopambanidwa ndi ya Nyika yokha. Idakhazikitsidwa monga paki m'chaka cha 1970. Izi zikutanthauza kuti pafupifupi magawo atatu mwa magawo khumi a boma lonse ndi malo amene munthu saloledwa kumangamo nyumba kapena kulimamo. Kumpoto chakum'maŵa kulinso nkhalango yotetezedwa ya Chimaliro, imene ana ambiri a dera la Kaluluma amaidziŵa.

Maonekedwe a Dziko

Kasungu ali pa chigwa chokwera, cha mamita 1,000 kapena kupitirira pang'ono pamwamba pa nyanja yamchere. Dziko lake ndi lathyathyathya, lokwera ndi kutsika pang'onopang'ono, ndipo apa ndi apo pamatumphuka phiri loima palokha, monga phiri la Kasungu limene lili pafupi ndi tauni. Pakati pa mitunda pali madambo, mmene madzi amadikha nthaŵi ya dzinja ndiponso mmene anthu amalima madimba ndi kudyetsa ziŵeto nthaŵi ya chilimwe.

Mitsinje ikuluikulu ndi iŵiri. Bua ali kumwera, ndipo amalandira madzi a Rusa. Dwangwa amayambira m'nkhalango ya Kasungu, nalandira madzi a Lingadzi ndi a Mpasadzi. Yonse iŵiri imaloŵera kum'maŵa, kutsika mapiri mpaka kukathira m'nyanja ya Malaŵi m'boma la Nkhotakota. Chifukwa chake n'chakuti malire a Malaŵi ndi Zambia m'dera lino adatsata msana wa mtunda umene umagaŵa madzi paŵiri. Mvula yogwa kumadzulo kwa msanawo imapita ku mtsinje wa Luangwa, pamene yogwa kum'maŵa imapita ku nyanja yathu. Chodabwitsa n'chakuti madzi aŵiriŵa amadzakomananso m'Zambezi, ena atadzera m'Luangwa, ena atadzera m'nyanja ndi m'Shire. Ana amakondwera nayo nkhani imeneyi, ndipo imaŵathandiza kuona kuti dothi lokokoloka m'munda wa kwawo silithera pa dambo la kuseri kwa sukulu.

Mvula imagwa nyengo imodzi yokha pa chaka, kuyambira mu Novembala kapena Disembala mpaka mu Malichi kapena Epulo. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Julayi kumazizira, ndipo mu Okutobala kumatentha kwambiri. M'malo ambiri nthaka ndi yamchengamchenga, yosavuta kulima koma yosachedwa kuguga ikalimidwa zaka zotsatizana popanda manyowa. Mitengo yachilengedwe ndi ya m'tchire la miombo, monga mombo, mtondo, msuku ndi muŵanga. Nthaka yotere ndi nyengo yotere zimayanjana ndi fodya, chimanga, mtedza ndi soya.

Chiŵerengero cha Anthu

Chiyambire ufulu wodzilamulira, dziko lino lachita kalembera wa anthu m'zaka za 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Ntchitoyi amaiyendetsa ndi a ofesi yoona za chiŵerengero ya ku Zomba. M'chaka cha 1966 anthu a m'boma la Kasungu sankafika 100,000. Zotsatira za makalembera asanu otsatirawo ndi izi, ndipo pambali taikapo chiŵerengero cha anthu pa sikweya kilomita imodzi, chimene tachipeza pogaŵa anthuwo ndi 7,878:

1977: anthu 194,436; pa sikweya kilomita 25
1987: anthu 323,453, pa sikweya kilomita 41
1998: anthu 480,659, pa sikweya kilomita 61
2008: anthu 627,467, pa sikweya kilomita 80
2018: anthu 842,953; pa sikweya kilomita 107

M'chaka cha 2018 dziko lonse lidali ndi anthu 17,563,749, ndipo pa sikweya kilomita imodzi padali anthu 186. Munthu woyang'ana mothamanga anganene kuti ku Kasungu malo akadalipo ambiri, popeza 107 ndi wochepa kwa 186. Koma tikumbukire nkhalango ija. Tikachotsa 2,316 pa 7,878 patsala 5,562, ndipo tikagaŵa anthu a 2018 ndi nambala imeneyi tipeza 152.

Tiyeni tipitirire pang'ono. Sikweya kilomita imodzi ndi mahekitala 100, kotero malo a kunja kwa paki ndi mahekitala 556,200. Akadagaŵidwa mofanana m'chaka cha 1977, munthu aliyense akadalandira mahekitala pafupifupi 3. M'chaka cha 2018 akadalandira magawo aŵiri okha mwa magawo atatu a hekitala imodzi. Ndipo m'malo ameneŵa muli mapiri, misewu, manda, mabwalo a sukulu, nkhalango ya Chimaliro ndi maesiteti. Munda weniweni wa banja la kumudzi ndi wochepa kuposa pamenepa.

Chifukwa Chake Anthu Adachuluka

Chiŵerengero cha anthu m'dera chimasintha m'njira zinayi: kubadwa, kumwalira, kubwera kwa alendo odzakhazikika, ndi kusamuka kwa eni dera. Pofuna kudziŵa njira imene idakula mphamvu, tiyerekeze Kasungu ndi dziko lonse.

Pakati pa 1977 ndi 1987, pa anthu 100 alionse a ku Kasungu padawonjezeka 66, pamene m'dziko lonse padawonjezeka 44. Pakati pa 1987 ndi 1998, ku Kasungu padawonjezeka 49, m'dziko lonse 24. Tiyenera kukumbukira kuti manambala a dziko lonse m'zaka zimenezi adakhudzidwa ndi anthu othaŵa nkhondo ya ku Mozambique, amene adabwera ambiri cha m'ma 1986 ndi 1987 ndipo adabwerera kwawo nkhondo itatha m'chaka cha 1992. Ngakhale zili choncho, kusiyana kwake n'koonekeratu, ndipo kubereka kokha sikungakufotokoze. Gwero lake ndi fodya.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti a fodya adatsegulidwa ambiri pa chigwa cha Kasungu. Ena adali a makampani monga Press Farming ndi General Farming, ena a anthu paokha, ndipo padalinso bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority limene linkaphunzitsa ndi kuyang'anira alimi a fodya wa fuluu. Malamulo a nthaŵi imeneyo ankaloleza maesiteti okha, kapena alimi opatsidwa chilolezo chapadera, kulima fodya wa burley ndi wa fuluu. Fodya amafuna manja ambiri kuyambira ku nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa mpaka kusankha ndi kudinda mabelo. Motero mabanja ambiri adachoka m'maboma othinana a kumwera, monga Thyolo, Mulanje ndi Machinga, kudzagwira ntchito ya utenanti. Ena adabwerera, koma ambiri adapempha malo kwa mafumu nakhazikika. Kuyambira m'chaka cha 1990 alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima burley m'minda mwawo, ndipo lero m'bomali muli msika wa okushoni pa Chinkhoma.

Koma taonani zimene zidachitika pambuyo pake. Pakati pa 1998 ndi 2008, ku Kasungu padawonjezeka anthu 31 pa 100 alionse, m'dziko lonse 32. Pakati pa 2008 ndi 2018, ku Kasungu 34, m'dziko lonse 34. Kasungu adaleka kuthamanga kuposa maboma anzake. Anthu akuchulukabe, koma makamaka chifukwa cha ana obadwira momwemo, amenenso ambiri akupulumuka ku matenda a ubwana chifukwa cha katemera ndi zipatala. M'zaka khumi zomalizazo anthu adawonjezeka ndi 215,486. Tikagaŵa nambala imeneyi ndi masiku a zaka khumi tipeza anthu 59 pa tsiku, ndiye kuti pafupifupi kalasi lathunthu dzuŵa lililonse likatuluka. Inu amene mudzapeza ana oposa zana m'chipinda chimodzi, kapena kalasi la pansi pa mtengo, mudzakhala mukuona manambala ameneŵa ndi maso.

Chifukwa cha mbiri imeneyi, m'bomali muli anthu a zilankhulo zosiyanasiyana. Pakati ndi kumwera ambiri ndi Acheŵa. Kumpoto, m'madera a Kaluluma ndi Simlemba, Chitumbuka chimamveka kwambiri m'nyumba ndi pa msika. M'midzi ya pafupi ndi maesiteti mudzapezamo Alomwe, Ayao ndi Angoni.

Phunziro Loyamba: Mapu a Pansi

Lamulo lathu ndi lakale lija: yambani ndi chimene mwana akuchidziŵa, mumufikitse ku chimene sakuchidziŵa. Tulutsani ana pabwalo m'maŵa. Afunseni kumene dzuŵa limatulukira ndi kumene limaloŵera, kumene galimoto za ku Mzuzu zimaloŵera ndi kumene za ku Lilongwe zimaloŵera. Mayankho awo akupatsani mbali zinayi za dziko popanda buku. Ngati ana ena atchula mbalizi m'Chitumbuka, landirani mawuwo, ndipo muŵapatse a Chicheŵa pambali pake.

Tsopano jambulani malire a boma pa dothi ndi ndodo, kutalika kwake mapazi khumi, kumpoto kwa mapu kuloze kumpoto kwenikweni. Chingwe chikhale msewu wa M1, phulusa likhale mitsinje, miyala ikhale mapiri, ndipo masamba aŵisi aphimbe dera la paki. Mwana mmodzi aike chitsekerero cha botolo pamene pali Nkhamenya, wina pamene pali tauni ya Kasungu, wina pa Mtunthama pamene pali sukulu ya Kamuzu Academy imene idatsegulidwa m'chaka cha 1981. Ana ena aimirire kunja kwa malire, aliyense atanyamula pepala la dzina la boma loyandikana nalo. Pomaliza mwana athire madzi pang'ono pa kamtunda kamene mwaunjika ku malire a kumadzulo, onse aone mmene madzi akugaŵikira paŵiri. Ana ajambule mapuwo m'makope atabwerera m'kalasi, osati asanatuluke.

Phunziro Lachiŵiri: Njere za Chimanga

Nambala ngati 842,953 ilibe tanthauzo kwa mwana amene sadaonepo anthu oposa a pa msika wa Nkhamenya. Tsono pangana nawoni kuti njere imodzi ya chimanga ikuimira anthu 10,000. Gaŵani kalasi m'magulu asanu, gulu lililonse ndi chaka chake cha kalembera. Gulu la 1977 liŵerenge njere 19, la 1987 njere 32, la 1998 njere 48, la 2008 njere 63, ndipo la 2018 njere 84. Gulu lililonse lijambule mapu ofanana kukula, liphimbe paki ndi masamba, ndipo limwaze njere zake pa malo otsalawo.

Ana akayendera mapu asanuwo motsatizana, inu musafulumire kulankhula. Funsani chabe kuti, "Chasintha n'chiyani? Nanga chimene sichidasinthe n'chiyani?" Padzapezeka mwana wonena kuti njere zachuluka koma mapu ndi omwewo. Mawu ameneŵa ndiwo mutu wa phunziro lonse, ndipo adzakhazikika m'mitima mwawo chifukwa atuluka m'kamwa mwa mnzawo. Pamenepo afunseni zimene zimachitika kwa minda, mitengo, zitsime ndi zipinda za sukulu. Ana a makalasi apamwamba angathe kuchita okha masamu ogaŵa aja, ndipo potero phunziro limodzi lidyetsa linzake.

Phunziro Lachitatu: Kalembera wa M'kalasi

Tumani ana kuti akafunse kunyumba zinthu zitatu: pakhomo pamagona anthu angati, agogo awo adabadwira m'boma liti, ndipo kale nkhuni ankazitola kuti. Tsiku lotsatira lembani pa bolodi mayina a maboma okha, ndi timizere tosonyeza kuchuluka kwa mayankho. Phatikizani anthu a m'makomo onse ndi kugaŵa ndi chiŵerengero cha makomo, kenaka yerekezani ndi zimene kalembera wa 2018 adapeza m'dziko lonse, kuti pakhomo pamakhala anthu anayi kapena asanu. Ngati n'kotheka, pemphani mphunzitsi wamkulu kuti aitane munthu wachikulire wa m'mudzi adzafotokoze mmene deralo linkaonekera iye ali mwana. Kumbukirani kudzera kwa amfumu, ndipo mlendoyo alandiridwe ndi ulemu wonse.

Zoyenera Kusamala

Phunziro ili likukhudza moyo wa ana eniake, choncho lifunika nzeru. Choyamba, musalole kuti ana a mabanja obwera aoneke ngati ndiwo adadya malo a anzawo. Makolo awo adabwera chifukwa ntchito idaŵaitana, ndipo thukuta lawo lidalemeretsa dziko lonse. N'chifukwa chake tati pa bolodi palembedwe mayina a maboma, osati a ana. Chachiŵiri, musanyoze fodya pamaso pa mwana amene yunifolomu yake idagulidwa ndi ndalama za fodya. Nenani zoona mbali zonse: fodya amabweretsa ndalama, komanso mabalani a fuluu amadya nkhuni zambiri ndipo zigafa zimadya mitengo. Chachitatu, za paki nazonso zili ndi mbali ziŵiri. M'chaka cha 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kubwera ku Kasungu pofuna kubwezeretsa nyama zimene zidatha ndi opha mozemba. Komabe mabanja a m'mphepete mwa paki adaonongekedwa mbewu, ndipo ena adataya abale awo. Ana aloledwe kukamba zonse ziŵiri.

Chachinayi chikukhudza inu eni. Tsegulani kaundula wa kalasi lanu, muŵerenge ana ojomba mwezi ndi mwezi. Mukaona kuti mipata ikuchuluka nthaŵi yothyola ndi kusoka fodya, dziŵani kuti jogalafe ya boma lino yaloŵa m'kalasi mwanu. Fodya wamuŵisi, makamaka wonyowa ndi mame, amaloŵetsa ululu wake kudzera pa khungu, ndipo mwana amamva chizungulire, mutu ndi nseru. Malamulo a dziko amaletsa kugwiritsa ana ntchito zoika moyo wawo pangozi, ndipo m'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti. Koma lamulo siliyenda lokha m'midzi. Kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, ndipo makolo muŵafikire mofatsa, pokumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso Okambirana

1. Fotokozani matanthauzo atatu a mawu akuti "boma", ndipo mupeke chiganizo chimodzi pa tanthauzo lililonse choyenera mwana wa Sitandade 5.
2. Chifukwa chiyani nambala ya anthu 107 pa sikweya kilomita ingasokeretse munthu wofuna kudziŵa za kuchepa kwa minda ku Kasungu?
3. Yerekezani kakulidwe ka chiŵerengero cha anthu a ku Kasungu chisanafike chaka cha 1998 ndi pambuyo pake. Kusiyanako kukutiphunzitsa chiyani?
4. Konzani phunziro la mphindi 35 la mapu a pansi lonena za boma la kwanu, ndipo mulembe zipangizo zonse zimene mungazipeze popanda kugula.

Ana amene mudzaŵaimika mozungulira mapu a pa dothi ndiwo adzakhale mafumu, makhansala, alangizi a zaulimi ndi makolo m'boma lomweli. Adzagaŵa minda yocheperapo kuposa ya lero, ndipo adzaweruza milandu ya malire imene ife sitidaione. Tiŵaphunzitse kuŵerenga anthu ndi kuyesa dziko akali aang'ono, pakuti m'mera mpoyamba.